Nambala yoyamba pa misika yolosera: amaiika ndani, ndipo amaitenga kuti?

Chisankho cha pulezidenti wa dziko la America chitayandikira mu 2024, nyuzipepala ndi mawailesi a kanema anayamba kutchula nambala yachilendo. Sinkachokera ku kafukufuku wofunsa ovota, kapena kwa akatswiri a ndale a m'mayunivesite. Inkachokera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Polymarket, pomwe anthu ankagula ndi kugulitsa matikiti obetcha kuti apambana ndi Donald Trump kapena Kamala Harris. Pa funso limodzi limeneli panadutsa ndalama zoposa madola 3 biliyoni. Trump atapambana, okonda misika yotereyi anadziguguda pachifuwa, nati khamu la obetcha linaona patali kuposa ofufuza.

Lero mafunso pa misikayi ndi masauzande. Ena ndi a ndale, ena a mpira, ena a chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya America, ena a kutentha kwa mzinda wakutiwakuti mawa. Funso lililonse lili ndi mphindi yake yobadwira, pamene khamu lisanafike, wogula ndi wogulitsa asanakanganepo za mtengo. Komatu pa mphindi imeneyo, kapena patangopita kanthawi, pafoni pamaoneka kale nambala yolembedwa mooneka bwino: 50 peresenti, 12 peresenti, 80 peresenti. Wowerenga amaitenga ngati mawu a anthu ambiri, chonsecho waiika ndi munthu mmodzi, kapena makina amene munthu mmodzi anawatchera. Ndikuona kuti amene waika nambala yotere ayenera kuonekera, ndipo ayenera kunena kumene waitenga.

Kagwiridwe ka misikayi n'kosavuta kukamva. Pamakhala funso loti yankho lake ndi inde kapena ayi. Tikiti ya inde imalipira dola imodzi chinthucho chikachitika, ndipo chikapanda kuchitika imasanduka chabe. Ngati anthu akugula tikitiyo pa masenti 62, ndiye kuti msika ukunena kuti mwayi woti chichitike ndi 62 pa 100. Amene amabetcha mpira kwathu kuno akuzidziwa kale izi mwa njira ina. Ma odds a 2.00 ndi chimodzimodzi ndi 50 peresenti, a 1.25 ndi 80 peresenti, a 5.00 ndi 20 peresenti. Ungogawa 100 ndi nambala ya ma odds, wapeza.

Kusiyana kuli pa mwini nambala. Kampani yobetchetsa mpira imaika ma odds yokha, ndipo imasiyamo phindu lake. Ikaika 1.90 mbali zonse ziwiri, mbali iliyonse ikuimira 52.6 peresenti, ndipo ukaphatikiza umapeza 105 ndi kanthu. Zapamwamba pa 100 zija ndi chakudya cha kampani. Mnyamata amene waima pa shopu yobetchera sasokonezeka kuti mtengowo ndi wa yani. Akudziwa kuti ndi wa kampani, ndipo akulimbana ndi kampani. Msika wolosera umadzitsatsa mwamtundu wina. Umati mtengo ndi wa khamu, kuti mutu umodzi susenza denga, kuti chimene anthu ambiri agwirizana ataikapo ndalama zawo chimayandikira choonadi. Pa funso lalikulu, limene lakhala masabata likugulidwa, mawuwa ali ndi mphamvu. Pa funso lotsegulidwa m'mawa uno, denga lonse lasenzedwadi ndi mutu umodzi.

Nambala yoyamba imabadwa m'njira ziwiri. Pa Polymarket, imene Shayne Coplan anaiyambitsa mu 2020, ndi pa Kalshi, imene Tarek Mansour ndi Luana Lopes Lara anaiyambitsa mu 2018, malonda amayenda ndi ndandanda ya maoda. Wina amalemba kuti agula inde pa masenti 40, wina kuti agula ayi pa masenti 60, ndipo ziwirizi zikakwana dola imodzi malonda achitika. Eni tsamba angathe kunena kuti sanaike mtengo ulionse. Komabe nambala imene Polymarket imaonetsa imakhala ya pakati pa mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa, pokhapokha mpata wake ukaposa masenti 10, pamene imaonetsa mtengo wa malonda omaliza. Munthu mmodzi akaika oda yogula pa 46 ndi yogulitsa pa 54, dziko lonse liona 50 peresenti, pamene palibe wachiwiri amene wanenapo kanthu.

Njira inayo ndi ya makina oimirira m'malo mwa wogulitsa. Maganizo ake anatchuka ndi Robin Hanson, katswiri wa zachuma wa ku George Mason University, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Vuto limene ankafuna kuthetsa ndi lakuti pa funso laling'ono umatha kufika wofuna kugula koma osapeza wokugulitsa. Ndiye mwini funso amaika thumba la ndalama m'makina, ndipo makinawo amagula ndi kugulitsa kwa aliyense nthawi iliyonse, akukweza mtengo pang'onopang'ono anthu akamagula inde, ndi kuutsitsa akamagula ayi. Tsamba la Manifold, limene linayamba kumapeto kwa 2021 ndipo limagwiritsa ntchito ndalama zoseweretsa zotchedwa mana, limayenda ndi makina a mtundu wotere, ndipo kumeneko munthu aliyense akhoza kutsegula funso lake. Makina sangayambe popanda nambala. Wina ayenera kuwauza poyambira.

Ambiri amathawira pa 50. Amaona ngati ndi chilungamo, ngati sakukondera mbali. Koma 50 nayonso ikunena kanthu. Ikunena kuti chinthucho chili ngati ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba. Wina atsegule funso loti kodi munthu aponda pa Mars chaka chino chisanathe, n'kuyambira pa 50, wanena bodza lalikulu kuposa amene wayambira pa 1. Pa funso la mayankho ambiri zimaipirapo. Kugawa mwayi mofanana pakati pa matimu 20 a ligi ya ku England, iliyonse 5 peresenti, ndi kunena kuti Manchester City ndi timu yongokwera kumene mu ligiyo n'zofanana mphamvu. Palibe wotsata mpira angavomereze, koma makina avomera, ndipo agulitsa matikiti pa mtengo umenewo kwa amene wafika msanga.

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Ngati mwayi weniweni uli pafupi ndi 5 peresenti koma msika watsegukira pa 50, woyamba kufika agula tikiti ya ayi pa masenti pafupifupi 50 pamene mtengo wake woyenera ndi 95. Phindu limeneli salipeza chifukwa chodziwa zambiri. Walipeza chifukwa cha liwiro, ndipo kawirikawiri wothamangayo amakhala pulogalamu ya kompyuta imene imadikirira mafunso atsopano usana ndi usiku. Thumba limene mwini funso anaika kuti likope anthu odziwa nkhani limathera pa kukonza cholakwa chake chomwe. Pofika anthu amene akanasiyanitsa 5 ndi 9 peresenti, mphotho yaikulu yapita kale.

Masamu a Hanson amaonetsa izi poyera. M'makina ake muli nambala imene imanena kuya kwa msika. Tiyerekeze kuti yaikidwa pa madola 100. Mukayambira pa 50, ndalama zambiri zimene mungataye ndi madola 69, kaya yankho lituluke inde kapena ayi. Mukayambira pa 10 peresenti, chinthucho n'kusachitika monga munaganizira, simutaya oposa madola 11. Koma chikachitika, mukhoza kutaya madola 230. Ngati 10 peresenti yanuyo inali yoona, ndiye kuti pa mafunso ambiri otere mumataya pafupifupi madola 33 pa funso lililonse, pafupifupi theka la zimene akutaya woyambira pa 50. Ngati munangoilota, msika ukulangani. Ichi ndimachikonda pa makinawa: amasandutsa nambala yoyamba kukhala kubetcha kwa mwini funso. Amene waiika ali ndi chotaya. N'chifukwa chake n'zosamveka kuti kubetcha kwa ena onse kuzioneka pa ndandanda, koma kwa iye kuzibisika ngati kuti nambalayo inagwa kumwamba.

Pali chovuta china chimene sichikhudza thumba, chimakhudza mutu. Mu 1974, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku amene akuphunzitsidwabe mpaka lero. Anazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu. Ena linawaimira pa 10, ena pa 65. Kenako anawafunsa kuti mwa mayiko a m'bungwe la United Nations, a mu Africa ndi angati pa 100 alionse. Anthuwo anaona ndi maso awo kuti nambala yachokera pa gudumu, ndipo sikugwirizana ndi Africa mwa njira iliyonse. Koma amene anaona 10 yankho lawo lapakatikati linali 25, pamene amene anaona 65 linali 45. Nambala yopanda tanthauzo inakoka maganizo a anthu ndi mapointi 20.

Aliyense amene ananenererapo mtengo pa kaunjika amazidziwa izi. Wogulitsa akayambira pa K15,000, mkangano wonse umazungulira pamenepo, ndipo ukagula pa K9,000 umachoka ukumwetulira, ngakhale kuti akanayambira pa K8,000 ukanatsitsabe. Ngati gudumu limakoka anthu chonchi, nanga nambala yolembedwa pa tsamba limene likudzitcha mawu a khamu ingawakoke bwanji?

Oteteza misikayi amayankha kuti msika umadzikonza wokha. Mtengo ukalakwika, wodziwa abwera, agula, apindula, ndipo mtengo ubwerera m'malo mwake. Zimachitikadi pamene pali anthu ambiri ndi ndalama zambiri. Msika wa aphunzitsi a University of Iowa, umene unayamba ndi chisankho cha 1988 ndipo sulola munthu kuika oposa madola 500, unadziwika chifukwa kawirikawiri unkalosera bwino poyerekeza ndi kafukufuku wofunsa ovota. Koma mafunso ambiri pa intaneti si chisankho cha pulezidenti wa America. Ndi mafunso amene amakopa anthu ochepa, ndipo ena amakhala masiku osagulidwa n'komwe. Pamenepo wokonza safika, kapena amafika wina atajambula kale chithunzi cha nambalayo n'kuchimwaza m'magulu a WhatsApp.

Ngakhale msika waukulu umatha kukankhidwa ndi dzanja limodzi. Pa chisankho cha 2012, pa msika wa Intrade wa ku Ireland, akatswiri David Rothschild ndi Rajiv Sethi anapeza kuti wobetcha mmodzi anataya mamiliyoni a madola akugulabe matikiti a Mitt Romney, zimene zinachititsa kuti mwayi wa Romney uzioneka wokwera pamenepo kuposa pa misika ina. Mu 2024 mwamuna wina wa ku France, wodziwika ndi dzina loti Théo, anaika mamiliyoni ambiri pa Trump kudzera m'maakaunti angapo a Polymarket, ndipo anapambana ndalama zimene zinawerengedwa kuti zinali pafupifupi madola 85 miliyoni. Mmodzi analakwa, wina analondola. Onse awiri akutikumbutsa kuti kuseri kwa peresenti kuli anthu owerengeka amene ali ndi matumba osalingana, ndipo pa tsiku loyamba anthuwo amachepa mpaka kutsala mmodzi.

Nanga munthu angaiikire bwanji kumbuyo nambala yoyamba? Njira yodalirika ndi imene Philip Tetlock ndi anzake a Good Judgment Project anaiona mwa olosera aluso kwambiri: asanalowe m'tsatanetsatane wa nkhani imene ili patsogolo pawo, amayamba afunsa kuti zinthu za mtundu umenewu zimachitika kangati. Tiyese ndi nkhani imene tonse timaikumbukira. Tiyerekeze kuti mu 2019, Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera atangokasuma, wina anatsegula funso loti kodi khoti lithetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti wa Malawi. Kuyambira pa 50 kukanakhala ulesi. Milandu yotsutsa zisankho za apulezidenti inali itazengedwa m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo chitsanzo chimene aliyense ankatchula cha khoti lothetsa chisankho chinali chimodzi, cha Kenya mu September 2017. Wotsegula funso wachilungamo akanayambira pansi, n'kulemba chifukwa chake. Kenako mboni zikuperekera umboni, nkhani ya Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira ikumveka pawailesi tsiku ndi tsiku, mtengo ukanakwera, ndipo aliyense akanaona kuti wakwera kuchoka pati ndi chifukwa chiyani. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsadi chisankhocho.

Kodi zikutanthauza kuti woyambira pansi uja analakwa? Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chinthu cha mwayi wochepa chimachitikabe nthawi zina. Makampani obetchetsa a ku Britain anapatsa Leicester City ma odds a 5,000 pa 1 nyengo ya 2015/16 isanayambe, ndipo Leicester inatenga ligi. Chotsatira chimodzi sichingaweruze nambala. Imene ingaweruzidwe ndi njira: kodi mwa mafunso onse amene munthu uyu anayambira pa 10 peresenti, amene anatuluka inde ali pafupi ndi limodzi mwa khumi? Kuyeza kotere kulipo kalekale. Glenn Brier anakonza njira yowerengera luso la olosera zanyengo mu 1950, ndipo ikugwirabe ntchito. Koma sungayeze chimene sichinalembedwe. Tsamba limene silisunga poyera nambala zoyambira za wotsegula mafunso likumuchotsera mwayi wodziwika ngati waluso, ndipo likubisa wosasamala.

Ochita mijaha ya akavalo ku America anazolowera mwambo umene misika ya pa intaneti ingatengerepo phunziro. Mpikisano usanayambe, bwalo limasindikiza ma odds a m'mawa, okonzedwa ndi wantchito wa bwalolo amene ntchito yake ndi imeneyo. Otsata mijaha amadziwa kuti manambalawo ndi a munthu, ndiponso kuti iye sakulosera kavalo wopambana: akulosera mmene anthu abetchere. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika. Wotsegula funso pa intaneti anene ngati nambala yake ikuimira zimene iye akukhulupirira, kapena kumene akuganiza kuti msika ukakhazikika, kapena ngati wangoikopera pa msika wina kapena kwa kampani yobetchetsa. Zitatuzi zimaoneka zofanana pa sikirini, koma wogula wanzeru amachita nazo mosiyana.

Zimene ndikupempha si zambiri. Pa chithunzi chosonyeza kuyenda kwa mtengo, malo oyambira azioneka ndi chizindikiro chake, ndipo pazilembedwa kuti anaika ndani. Pambali pa peresenti pazioneka kuti abetcha ndi anthu angati ndipo ndalama zake ndi zingati, chifukwa 70 peresenti ya anthu atatu ndi 70 peresenti ya anthu 30,000 ndi zinthu ziwiri. Ndipo ngati wotsegula funso akubetchanso pa funso lakelo, zizidziwika. Pa Manifold, wotsegula funso ndi yemwenso kawirikawiri amagamula kuti yankho latuluka inde kapena ayi. Poti ndalama zake ndi zoseweretsa, chiopsezo n'chochepa, koma taganizirani mphamvu zitatu zimenezi, kuika mtengo, kubetcha ndi kugamula, zili m'manja amodzi pamene ndalama ndi zenizeni. Munthu akhoza kuyambira dala pa nambala yosocheretsa, kudikira kuti ongotsatira alowe, iye n'kugula mbali inayo ndi akaunti ina.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza. Ena amati kufotokoza chifukwa kumakoka anthu kwambiri kuposa nambala yokha. Munthu akawerenga mizere itatu yomveka bwino, amasiya kuganiza payekha, ndipo khamu limene limayenera kubweretsa maganizo osiyanasiyana limangobwereza a woyamba. Tsamba la Metaculus, limene linayamba mu 2015 ndipo limasonkhanitsa zolosera popanda kugulitsa matikiti, limathana ndi vutoli pobisa nambala ya gulu kwa kanthawi funso likangotsegulidwa, kuti oyamba alosere asanaone za anzawo. Ndi njira yabwino, ndipo misika ikhoza kuitengera: kusonkhanitsa maoda mobisa kwa maola angapo, kenako n'kutsegula pa mtengo umene maodawo akumanirana, monga amachitira misika ya masheya m'mawa. Koma makina ogulitsa kwa aliyense sangabise mtengo wawo, pakuti munthu sagula chinthu chimene sakudziwa mtengo wake. Pamenepo nambala ioneka basi. Ndiye ndisankha imene ili ndi chifukwa cholembedwa, popeza chifukwa ungachitsutse. Ukhoza kuona kuti wawerenga milandu isanu yokha, kapena waiwala lamulo limene linasintha chaka chatha. Nambala yopanda chifukwa imakukoka ngati gudumu la Kahneman, ndipo ulibe pogwira kuti uikane.

Nkhaniyi yasiya kukhala ya anthu ochepa okonda masamu. Polymarket inalipitsidwa chindapusa cha madola 1.4 miliyoni ndi bungwe la boma la America loyang'anira malonda otere, la CFTC, mu January 2022, ndipo inaletsedwa kutumikira anthu a m'dzikomo. Kalshi inapambana mlandu ndi bungwe lomwelo mu 2024 n'kuyamba kugulitsa matikiti a zisankho. Mu June 2025 tsamba la X linalengeza mgwirizano ndi Polymarket, ndipo mu October chaka chomwecho kampani imene ndi mwini wa New York Stock Exchange inalengeza kuti iikamo ndalama zofika madola 2 biliyoni. Manambala amenewa tsopano akulowa m'nkhani zimene timawerenga pafoni, kuphatikizapo za nkhondo ndi za zisankho za mayiko ena, ndipo ambiri amene amawaona sanatsegulepo tsamba la msika n'kamodzi komwe.

Kwa anzanga atolankhani, pempho langa n'lachindunji. Musanalembe kuti msika ukupereka 80 peresenti, tsegulani tsambalo, muone tsiku limene funso linatsegulidwa, ndalama zimene zadutsapo, ndi malamulo a mmene yankho lidzagamulidwire. Ngati funso ndi la dzulo ndipo padutsa madola mazana awiri okha, chimene muli nacho ndi maganizo a munthu mmodzi kapena awiri amene simukuwadziwa, ndipo mulembe choncho kapena muisiye. Kwa wachinyamata amene wazolowera kubetcha mpira ndipo wamva kuti kuno kuli ndalama zachangu, adziwe kuti mtengo wooneka wolakwika pa funso latsopano amaupezerera ndi makina m'masekondi ochepa, ndipo umene watsalira kuti iye aupeze mwina wasiyidwa dala.

Kwa eni misika, ntchito yake ndi kabokosi kamodzi pansi pa funso. Wotsegula alembemo kuti wayambira pa 15 peresenti, kuti wawerenga zochitika zofanana zingati ndipo zingati mwa izo zinatuluka inde, kuti waika madola angati m'makina, ndiponso ngati iye mwini abetcha kapena ayi. Akakhala kuti sanafufuze chilichonse, alembe zomwezo, ndipo tsamba lisaonetse peresenti m'zilembo zazikulu mpaka anthu okwanira atagula.